Ba Hamidu ndi Manati Opanda Kiyi

Ku Chawama, cha kufupi ndi msewu wa Kafue, panali mtengo wa mango umene sunkabala bwino, ndipo pansi pake ndi pamene Ba Hamidu ankamatira matayala. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kuyankhula manja ali pa ntchito. Bambo awo anachokera ku Mangochi kalekale nadzakhazikika mu Lusaka, akukhoma zidebe ndi mbaula, choncho Hamidu anakulira pakati pa malata ndi nyundo. Atakula analowa ntchito m'galaja ya kampani ya boma ya mabasi, ndipo anakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Boma litayamba kugulitsa ndi kutseka makampani ake, ya mabasi nayo siinapulumuke. Lolemba lina Ba Hamidu anapeza geti lili ndi unyolo. Anabwerera kunyumba ndi bokosi la masipanala awo, nalikankhira kunsi kwa bedi. Miyezi inayi anangokhala pakhonde, kupita ku mzikiti ndi kubwerako, pamene akazi awo, Ba Kulthum, ankadzuka kukazinga vitumbuwa vokagulitsa pa siteshoni ya maminibasi. Tsiku lina mayiwo anakoka bokosi lija n'kuliika pamapazi pa amuna awo.

"Manja muli nawo, visulo muli navo, na msewu uli apa pafupi," anatero. "Muyembekeza chani?"

Umu ndi mmene anayambira pansi pa mango paja, ndi pampu yopopa ndi phazi, beseni lofufuzira pobooka, ndi zigamba zodula ku machubu akale.

Zaka zomwezo mu Lusaka munayamba kudzaza magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan. Ambiri ankabwera ndi kachinthu kamene anthu sanakazolowere: pa wilo lililonse panali nati imodzi yosalala, yopanda makona oti sipanala igwire. Inkamasuka ndi kakiyi kake kokha, kuti akuba asachotse mawilo. Koma kakiyiko kawirikawiri kankasowa galimoto isanafike n'komwe m'dziko muno, ndipo mwini wake ankadzazindikira tsiku limene tayala laphwa.

Woyamba kufika nalo vutoli kwa Ba Hamidu anali Ba Ida, namwino wa pa kiliniki ya m'komboni, mayi wamtali wa mawu akuluakulu. Anaimika galimoto yawo yoyera tayala lakutsogolo litaphweratu, atavala chitenje ndi duku lakuda. Ankapita ku Kafue ku maliro a amayi awo aang'ono amene anawalera, ndipo mwambo woika unali wa masana omwewo.

"Ba mudala, nithandizeni," anatero. "Sipeya nili nayo, koma iyi nati inakana. Ku tauni ananiuza ati kiyi yake ifunika kuitanisa ku Japan."

Ba Hamidu ananjuta pambali pa wilolo nayang'ana nthawi yaitali. M'zaka zonse za ku mabasi anali asanaonepo nati yotere. Anaisisita ndi chala, naganiza kuti chitsulo chilichonse chimagonja ukachipezera pogwira. Anasankha soketi yakale, yocheperako pang'ono kuposa natiyo. Poyamba anamangitsa manati ena aja zolimba kuti asenze katundu wa wilo, galimoto ili pansi osaikweza pa jeke. Kenako anaika soketi pa nati yosalalayo n'kuikhomera ndi nyundo mpaka inaluma. Analowetsa chogwirira, nachiwonjezera ndi paipi yaitali, n'kutsamirapo pang'onopang'ono. Ulendo woyamba soketi inaterereka, iwo n'kugwera m'fumbi. Anadzuka, naikhomeranso mozama. Ulendo wachiwiri kunamveka kuti tswa, nati n'kutembenuka.

Ba Ida anaomba m'manja ngati ali m'tchalitchi. Anafika ku Kafue bokosi lisanatsike m'manda, ndipo sabata yotsatira anabweranso kuti manati atatu otsala achotsedwe, aikepo wamba.

Pakamwa pa Ba Ida sipankagona nkhani. Pasanathe chaka, magalimoto ankabwera kuchokera ku Matero, ku Kalingalinga, ngakhale ku mayadi. Nati ikakanitsitsa, Ba Hamidu ankapita nayo galimoto kwa wowotcherera zitsulo wa pafupi, n'kulumikizapo bawuti kuti sipanala ipeze pogwira. Manati onse amene anachotsa ankawaponya m'chitini cha penti. Anali ndi lamulo lawo: mwini galimoto abwere yekha, dzuwa likuwala, buku la galimoto lili m'manja. Ana awo, amene anali atasiya sukulu ntchito ija itatha, anabwererako, ndipo Ba Kulthum anasiya kudzuka m'mamawa.

Koma luso lomwelo linatsala pang'ono kuwaphetsa. M'mawa wina wa mwezi wa Juni, akutsegula bokosi lawo, anamva phokoso likutsika ndi kanjira ka kumsika. Patsogolo pa gululo panali Ba Chibwe, mwini golosale yaikulu ndi maminibasi awiri. Anali atadzuka n'kupeza galimoto yawo yatsopano itakhala pa njerwa m'yadi mwawo, mawilo onse anayi kulibe.

"Ni uyu!" anakuwa Ba Chibwe. "Motoka yanga inali na manati ya kiyi. Mu Chawama yonse ni ndani wina aziba kuyachosa?"

Ba Hamidu anatsegula pakamwa, koma mbama inafika mawu asanatuluke. Kapu yawo yoyera inagwera m'beseni la madzi. Wina anakankha pampu ndi phazi, wina anawagwira kolala, ndipo mawu akuti "Kawalala! Kawalala!" owatcha wakuba anayenda m'khamu lonse. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti nkhope zambiri ankazidziwa. Ena anawamatira njinga zawo, ena ankawapatsa moni tsiku ndi tsiku, ndipo lero anali atatola miyala. Anayamba kutchula dzina la Mulungu chamumtima, poganiza kuti Ba Kulthum adzangomva kwa anthu.

Ndi pamene Ba Ida anatulukira, atavala yunifolomu yawo yoyera, akupita ku ntchito wapansi. Sanafunse kuti kwagwanji. Analowa pakati n'kuima kutsogolo kwa Ba Hamidu, chikwama chili m'khwapa.

"Iwe Mwape," anatero kwa mnyamata wamtali amene anali ndi chidutswa cha njerwa, "si ine ninakusoka mutu pa Khirisimasi? Ponya, tione amene azakusoka futi. Na imwe ba Eneless, mwana wanu ninamulandira na manja yanga, lelo mufuna aone amai bake bapaya munthu?"

Manja anayamba kutsika. Ba Ida anatembenukira kwa Ba Hamidu.

"Ba mudala, niuzeni zoona. Munachita?"

"Sininachite, ba sisita."

"Mungaonese bwanji?"

Ba Hamidu anapukuta magazi pa mlomo. Mutu unkawazungulira, koma funsolo linali la ntchito yawo, ndipo pa ntchito yawo sankasokonezeka.

"Nione manati yamene bachosa," anatero. "Tinyamule na chitini icho."

Gulu lonse linatsagana nawo mpaka ku yadi ya Ba Chibwe, Ba Ida atagwira mkono wa Ba Hamidu. Manati anali mbwee m'fumbi mozungulira galimoto. Ba Hamidu anatola anayi osalala aja n'kuwaika pa boneti. Kenako anatapa ena m'chitini chawo n'kuwaika pambali pake. A m'chitini anali okandikakandika, ena ophwanyika m'mphepete, ena akuda ndi moto wa wowotcherera. A Ba Chibwe ankanyezimira ngati angotuluka m'sitolo.

"Onani mweka," anatero Ba Hamidu. "Ine nikachosa nati, siikhalanso nati. Aya yachoka na kiyi yake. Ndiponso nyundo yanga imamveka mpaka ku msika. Sembe ninakhoma pano, ngakhale galu wanu sembe anauka."

Ba Ida anafunsa kumene kiyiyo inkakhala. Ba Chibwe anati m'kabokosi ka kutsogolo m'galimoto momwemo. Chitseko sichinali chothyoledwa. Anatsegula, nafufuza pakati pa mapepala, nakhuthula zonse pa mpando, koma kakiyi kunalibe. Akazi awo, amene anaima pakhomo nthawi yonseyi, anayankhula motsitsa kuti mchimwene wa amuna awowo, yemwe ankatsuka galimotoyo masiku onse, wanyamuka m'mawa womwewo kuti akupita ku Kabwe. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, miyala ikugwera m'mbali mwa njira.

Masiku atatu Ba Hamidu sanatuluke m'nyumba. Anauza akazi awo kuti asamukire ku komboni ya George kwa mlongo wawo, kumene palibe ankawadziwa. Ba Kulthum sanatsutse. Anangoti asanaganize za kusamuka, pali khomo limene ayenera kugogoda. Anapha nkhuku, naphika mpunga wa zonunkhira, ndipo Lamlungu masana onse awiri anapita kwa Ba Ida.

Ba Hamidu anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma atakhala pa mpando anangotha kunena kuti, "Ba sisita, sembe si imwe, ana banga sembe balibe tate."

"Lekani ivo," anatero Ba Ida. "Ine ninaona nkhope ya amai banga basanavale bokosi chifukwa cha imwe. Manje namvela ati mufuna kuthaba. Mukayenda, banthu bazakamba ati munali na mulandu. Mailo nifuna nikupezeni pa mango."

Mawa lake anawapezadi. Pampu inali itakonzedwa ndi wowotcherera uja, ndipo Ba Eneless anabwera ndi kapu ija ataichapa n'kuisita, naipereka atagwada, osayang'ana kumaso. Ba Chibwe anatenga sabata yathunthu asanabwere. Anafika wapansi, naima kanthawi akuyang'ana matayala opachikidwa pa nthambi ngati akufuna kugula.

"Ba Hamidu, ninalakwa," anatero potsiriza. "Ninakuchitani choipa pamaso pa banthu. Nipempha munikhululukire pamaso pa banthu."

Ndipo anabwereza mawuwo mokweza kuti amayi ogulitsa tomato tsidya lina amve. Ba Hamidu anapukuta dzanja pa ovolosi nawapatsa. Mkwiyo sunathe tsiku lomwelo, koma kuyambira pamenepo matayala a maminibasi a Ba Chibwe ankamatidwa pansi pa mango, ndipo m'kupita kwa zaka awiriwo ankatha kukhala pa benchi limodzi n'kumakangana za mpira.

Ba Hamidu anagwira ntchitoyo zaka zina zambiri, mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Galimoto ya Ba Ida ikafika, ankasiya chilichonse chimene anali nacho m'manja, ndipo pa chikondwerero chilichonse cha Idi mbale yoyamba yotuluka m'nyumba ya Ba Kulthum inkapita kwa namwinoyo, ngakhale anali wa chipembedzo china.

Ba Ida atapuma pa ntchito anaganiza zobwerera kwawo ku Petauke. Tsiku losamuka Ba Hamidu anafika lole isanathe kupakidwa. Anaizungulira ndi sipanala yawo yaikulu, kuyesa wilo ndi wilo, dalaivala akudandaula kuti akuchedwetsedwa. Atakhutira anakwera kumbuyo pamwamba pa matiresi, ndevu zawo zoyera zikuuluzika ndi mphepo, nawaperekeza mpaka ku Chelstone. Pamenepo anatsika, nagwira dzanja la Ba Ida ndi manja awo onse awiri, naima m'mbali mwa msewu mpaka lole inazimiririka. Kenako anawoloka kukadikira minibasi yobwerera ku tauni.