Imfa ya Achemwali mu Fulashi

Pa esiteti ya tiyi pomwe ndinakulira ku Thyolo, chinthu chilichonse chinali ndi bwana wake. Wothyola tiyi anali ndi kapitawo, kapitawo anali ndi mkulu wa divishoni, mkulu wa divishoni anali ndi manijala, ndipo ngakhale mpope wa madzi kumalaini, komwe antchito tinkakhala, unali ndi munthu woutsekula ndi kuutseka. Sitinkazikonda, koma zinthu zikavuta tinkadziwa khomo logogoda. Ndiye m'zaka zomwe mafoni a m'manja anayamba kulira m'matumba mwa makalaliki, kunabwera bambo wina wa kafukufuku kudzatiuza kuti watibweretsera chinthu chopanda bwana. Tinamuombera m'manja, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Ine ndinali mesenjala wa njinga yamoto. Esiteti yathu inali ndi makiliniki asanu, otalikirana, ena kuseri kwa mapiri komwe kunalibe waya wa telefoni. Ntchito yanga inali kuzungulira makiliniki amenewa ndi katoni ya mankhwala kumbuyo, kaya kuli dzuwa kaya chiperoni.

Bambo wa kafukufukuyo anali Mmalawi mnzathu, wachinyamata, wobadwira m'tauni, yemwe ankachita maphunziro apamwamba a makompyuta kunja. Amanijala pomulandira anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anaika kompyuta pa kiliniki iliyonse, ndipo iliyonse inasunga maina a odwala onse a pa esiteti ndi mankhwala awo. Anatifotokozera kuti kumaiko ena pamakhala kompyuta imodzi yaikulu yomwe zinzake zimaigwadira, koma zakezi zonse n'zofanana, palibe wamkulu palibe wamng'ono. Zikakumana zimauzana zomwe zamva, ngati amayi a pachitsime. Popeza kunalibe waya, wozikumanitsa ndinali ine. Anandikoleka pakhosi kafulashi kakang'ono ngati chala, komanga ndi chingwe, kuti pa kiliniki iliyonse ndizikalowetsa mu kompyuta, itule nkhani zake n'kutenga za zinzake.

Anesi ena anafunsa kuti nanga makompyuta awiri akasiyana mawu pa munthu mmodzi, woweruza ndani. Iye anamwetulira n'kuyankha kuti safuna woweruza, opambana ndi mawu atsopano basi. Ananyadiranso chinthu china: ngakhale makompyuta anayi atapsa ndi moto, yachisanu idzakumbukira zonse n'kuphunzitsa zinzake zatsopano. Ine ndinaona ngati ndakwezedwa pantchito, moti kafulashi kaja ndinkakatulutsa kunja kwa jekete kuti atsikana a kufakitale azikaona.

Achemwali anga aakulu, omwe anandilera makolo athu atamwalira, ankathyola tiyi. Anali amasiye a ana awiri, ndipo kuyambira utsikana ankadwala matenda akugwa. Chomwe chinkawaimiritsa chinali kapiritsi koyera, kamodzi patsiku. Akamamwa, pankapita zaka osagwa, ndipo dengu lawo linkadzaza msanga kuposa la anthu ambiri athanzi. Mapiritsiwo ankachokera ku kiliniki yaikulu ya pafupi ndi fakitale, komwe mkulu wa mankhwala ankalongedza mwezi ndi mwezi potsata maina a mu kompyuta. Dzina likapanda kuoneka, paketi palibe.

Chaka chimenecho kunabwera msuweni wathu kuchokera ku Mozambiki, komwe agogo athu anachokera, akutsokomola moti nthiti zinkawerengeka. Kiliniki ya pa esiteti inkathandiza antchito ndi ana awo okha. Aliyense ankadziwa chochita pa zotere: umabwereketsa khadi lako, wodwalayo n'kukaonekera ku kiliniki yakutali komwe nkhope yako saidziwa. Makapitawo ankachita, madikoni a kumpingo ankachita, koma wogwidwa ankachotsedwa ntchito. Achemwali sanaganize kawiri. Msuweni anapita ku kiliniki ya kuphiri ndi khadi lawo, ndipo matenda atakula anatsirizikira komweko. Tinamuika m'manda ndi dzina lake lenileni, abusa n'kulitchula bwinobwino. Koma kalaliki wa kuphiri analemba zomwe khadi linanena, ndipo m'mawa mwake ine ndinalowetsa fulashi yanga n'kunyamuka ndikuimba mluzu.

Kutha kwa mwezi paketi ya achemwali sinabwere. Anesi a kiliniki yathu, mayi wachikulire wa mpingo wa Sabata yemwe anaphunzira ntchito ku mishoni ya ku Makwasa, anavala magalasi n'kuyang'ana mu kompyuta nthawi yaitali.

"Mayi, muno akuti munamwalira," anatero.

Achemwali anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati ngati anamwalira, ndiye kapitawo awalole apume, chifukwa ngakhale kumanda anthu sathyola tiyi. Anesi sanafunse zambiri. Zamakhadi ankazidziwa kuposa ife. Anafufuta imfa ija n'kulemba kuti ali moyo, kenaka anawapatsa mapiritsi ochepa omwe anatsala m'botolo. Tonse tinabwerera kunyumba tikuseka.

Ndinazungulira makiliniki monga mwa masiku onse. Nditabwerera kwathu n'kulowetsa fulashi, anesi anandiitana kuti ndidzaone. Achemwali anali atamwaliranso. Anesi anawaukitsanso, ine n'kuzunguliranso, iwo n'kumwaliranso. Apa kuseka kunatha. Ndinazindikira kuti imfa ya munthu yemwe anandilera ndinkayenda nayo ine pakhosi, kuikweza mapiri ndi kuitsitsa, n'kuibweretsa ndekha pakhomo pathu. Kafulashi kaja ndinayamba kukabisa m'kati mwa malaya.

Botolo la anesi linatha. Tinapeza mapiritsi ena kwina, otha msanga, ndipo inali nyengo ya mvula, tiyi akuphuka ngati wamisala, nthawi yomwe kujomba tsiku limodzi kuti ukafole pamzere wa chipatala chakutali kunali kupereka dengu lako kwa wina. Achemwali anayamba kudula kapiritsi pakati ndi lezala, kenaka kumadumphitsa masiku. Ankandiuza kuti akumva bwino, koma ndinkawaona akuima pakati pa mzere wa tiyi, maso ali gwa, ngati akumvetsera wina akuwaitana patali.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bambo wa kafukufuku atabwera kudzayendera makina ake, ndinamukokera pakhonde la kiliniki n'kumuuza zonse, ndi za khadi zomwe, ngakhale ndinkadziwa kuti ndaika ntchito ya achemwali m'manja mwake. Anakhala pa kompyuta, zala zikuthamanga, ndipo posakhalitsa nkhope yake inawala ngati ya mwana yemwe wapeza chisa cha mbalame.

"Izi n'zosangalatsa kwambiri," anatero.

Mawu amenewo sindidzawaiwala. Anandifotokozera modekha, ngati mphunzitsi wabwino, kuti mphezi inasokoneza wotchi ya kompyuta ya kuphiri, n'kuilumphitsa zaka makumi angapo kutsogolo. Wotchiyo anthu anaikonza pambuyo pake, koma imfa ija inali italembedwa kale ndi chaka cha kutsogolo chimenecho. Choncho chilichonse chomwe anesi angalembe lero, mawa kapena chaka chamawa, makompyuta ankachiona ngati nkhani yakale. Mawu atsopano anali imfa basi. Kunena kwina, achemwali anayenera kudikira mpaka ukalamba wa adzukulu awo kuti aloledwe kukhala moyo.

Ndinafunsa ngati angathe kukonza. Anati inde, ndi ntchito yochepa, ndipo ndi iye yekha amene anali ndi chinsinsi cholowera m'kati mwenimweni. Koma sakanatha kukhudza panthawiyo. Cholinga chonse cha kafukufuku wake chinali kuona ngati makompyuta angagwirizane okha popanda dzanja la munthu, ndipo akalowetsapo dzanja ndiye kuti miyezi yonse yapitayo yapita m'madzi, aphunzitsi ake akunja sangalandire. Mvula ikangotha, kafukufuku atha, ndipo chinthu choyamba chidzakhala chimenechi. Anandigwira paphewa n'kundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Analonjeza kuti za khadi sauza munthu, komanso kuti ulendo wotsatira abweretsa mapiritsi kuchokera ku Blantyre. Ndikhulupirira kuti ankanena kuchokera pansi pa mtima. Chimene chimandiwawa n'chakuti sanali munthu woipa. Anali munthu waulemu, wopatsa moni ngakhale alonda, amene anaika digiri yake mbali imodzi ya sikelo, achemwali anga mbali inayo, n'kuona kuti digiri yalemera.

Ulendo wotsatirawo unachedwa, ndipo atabwera anadzimenya pamphumi kuti waiwala.

Pakatipo ndinagogoda khomo lililonse lomwe ndinkalidziwa. Mkulu wa mankhwala anati iye amalongedza zomwe makina anena, akaonjezera paketi ya munthu wakufa adzamuyesa wakuba. Kalaliki wa kuphiri anati iye analemba zomwe zinali pa khadi, ndipo anandiyang'ana m'maso mondikumbutsa kuti ndisakumbe kwambiri. Amanijala, omwe ndinangowauza theka la nkhani, anati za makompyuta mwini wake ndi wa kafukufuku. Wa kafukufuku anali atanena kale kuti makinawa alibe mwini. Apo m'pamene ndinamvetsa tanthauzo la chinthu chopanda bwana: chikakuponda, palibe woti umugwire malaya.

Tsiku lina ndinaimitsa njinga pa mlatho wa damu la esiteti, fulashi ili m'manja, ndikufuna kuiponya m'madzi. Koma ndikanapindula chiyani? Imfa ija inali kale m'makompyuta onse asanu, iliyonse yokonzeka kukumbutsa zinzake, monga mwini wake ananyadira tsiku loyamba lija. Ndiponso mufulashi momwemo munali maina a anthu a shuga, a chifuwa ndi amayi oyembekezera omwe ankadikira katoni yanga. Ndinaikolekanso pakhosi n'kuliza njinga, ndikutukwana ndekha njira yonse.

Linali Lachisanu masana, achemwali, omwe nawonso anali a mpingo wa Sabata, akuthamangira kumaliza zophika Sabata lisanalowe. Anali atateleka kalongonda, nyemba zathu zija zofuna moto wa tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo. Ana anali asanaweruke kusukulu. Anawerama kuti asonkhezere nkhuni, matenda n'kuwagwira pomwepo, ndipo dzanja lamanja linagwera pa makala n'kukhala pomwepo mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anamva fungo. Ine uthenga unandipeza ku kiliniki ya kuphiri, fulashi ili mu kompyuta.

Anesi anatsuka bala akulira, chifukwa bandeji yokha ndiyo sinkafuna dzina. Kenaka tinawatengera ku chipatala cha mishoni, komwe anawasamala bwino, ndipo moyo unapulumuka. Koma dzanja linapola litapindika, chala chachikulu chitamatirira ku zinzake. Wothyola tiyi chuma chake ndi zala ziwiri zotsina nsonga ya masamba. Anayesa ndi lamanzere lokha, dengu osafika ndi theka lomwe, ndipo kapitawo, yemwe ankawakonda, anangoyang'ana pansi.

Mvula itatha kunachitika mwambo wotseka kafukufuku. M'mawa wa tsikulo bambo uja anandiitana kuti ndione kuti sanaiwale lonjezo. Anakhala pa kompyuta, anadina apa ndi apo, ndipo tiyi amene anamuthirira anali asanazizire pomwe ananena kuti basi, achemwali ali moyo. Ndinayang'ana kapu ija ikufuka nthunzi ndipo ndinatuluka osathokoza, chifukwa chimene chinali pakamwa panga sichinali zikomo.

Masana tinakhala pansi pa tenti, zakumwa zikuzungulira. Iye anaimirira n'kulengeza kuti pa nthawi yonseyi makompyuta asanu aja sanasiyanepo mawu, nthawi zonse ankamaliza ndi kugwirizana. Sananame. Anagwirizanadi onse, mwezi ndi mwezi, kuti achemwali anga ndi wakufa. Anthu anaomba m'manja, ine manja anga ali m'thumba.

Pomaliza anthu anafola kukamugwira chanza. Sindinadziwe kuti achemwali abwera mpaka ndinawaona pamzere, atavala bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi. Itafika nthawi yawo anapinda maondo pang'ono, dzanja lamanzere litachirikiza chigongono monga mwa ulemu, n'kutambasula lamanja lija.

"Bambo, ndine mayi uja munati ndidikire mvula ithe," anatero motsitsa mawu. "Yatha."

Iye anayang'ana dzanjalo, kenaka ine, kenaka dzanjalo. Lake linali litanyamuka kale, koma linaima m'malere, osadziwa pogwira. Achemwali sanabweze lawo. Analisiya pomwepo mpaka bamboyo analigwira.

Sabata yotsatira kalaliki wa kiliniki yaikulu analemba mawu atsopano pa dzina la achemwali, akuti anasiya ntchito, ndipo kiliniki ya pa esiteti si yawonso. Amenewo ndinawanyamulanso ine pakhosi, ndipo pofika madzulo makompyuta onse asanu anali atagwirizana nawo.