Netiweki ya ku Mozambiki Inalakwanji?

Alamu anga atabwera kuchokera ku Joni, anandipatsa bokosi la kagalimoto ka rimoti, kaja ka matayala a manomano kothamanga m'fumbi. Kanali zidutswazidutswa. Anati, "Alamu, inu mumakonza njinga za kabaza, kameneka sikangakuvuteni."

Pepala la malangizo sindinaliyang'ane n'komwe. Mmisiri wodziwika pa Muloza ponse n'kumawerenganso pepala? Ndinamanga kagalimotoko, koma kachitsulo kokhotetsa matayala ndinakaika mozondoka. Poyesa kuseri kwa nyumba ndinaona ndithu kuti ndikati kumanja, iko kakupita kumanzere. Ndinachita ulesi kumasulanso, ndinangoti ndizolowera.

Loweruka tinakapikisana pa bwalo la mpira, ine ndi alamuwo, aliyense ndi kake. Anthu anadzaza, akabaza ataimika njinga zawo. Pa kona yoyamba manja anga anaiwala. Kagalimoto kanasiya njira, kanakalowa mu mulu wa tomato wa mayi wina, n'kumapalasabe.

"Mwamanga bwanji kameneka?" anafunsa alamu.

Ndinaloza kutsidya kwa mtsinje wa m'malire. "Ndi netiweki ya ku Mozambiki iyi. Si mukudziwa mmene imalowerera m'mafoni mwathu? Yalanda rimoti."

Akabaza onse anavomereza. Ngakhale mayi wa tomato uja anandisiya ine n'kuyamba kukalipira a ku Milanje, tauni ya kutsidyako.

M'mawa mwake ndinakatembenuza kachitsulo kaja mwakachetechete. Koma mpaka lero, mpikisano usanayambe, alamu amakuwa kuti aliyense azimitse foni. Ndipo woyamba kuzimitsa, nditalimbitsa nkhope, ndimakhala ine.