Tsiku limene tinaika Tadala

Ndinadzuka kusanache, miyendo itachita dzanzi chifukwa ndinagona chokhala, nditatsamira khoma la m'siwa. Nyimbo zinali zitaleka kalekale. Kwathu ku Chulu amayi amachezera kuimba pa maliro, koma pa maliro a mng'ono wanga Tadala anaimba ngati owakakamiza, ndipo ambiri anabwerera kukagona kwawo.

Tadala anamwalirira ku Joni, kumene ankachita kafukufuku wa zakuthambo. Anangodwala mutu masiku ochepa. Bokosi linabwera lomata, ndiye m'mudzi inamveka yoti tikubisa kanthu.

Kunja kunkawaza kamvula. Amayi ophika anasonkha moto kuseri kwa chigafa cha fodya, nkhuni zonyowa zikungofuka. Ndikupita kukatunga madzi ofunda ndinawamva. Wina ankati mtsikanayo ankamvera mawu ochokera kumwamba. Wina anati n'chifukwa chake mlongo wathu anafa pangozi chaka chomwe Tadala anakwera ndege. Atandiona anayamba kukamba za mchere. Ena mwa iwo ndi omwe aja anavina pakhomo pathu tsiku limene Tadala anasankhidwa kupita ku yunivesite.

Dzuwa litakwera anthu anachuluka, njinga zili mbwee pansi pa mango. Ambiri anabwera kudzaona, osati kudzalira. Kenaka inafika galimoto ya anzake a kuntchito awiri: bambo wa ku Zomba amene anaphunzira naye, ndi mayi wachikulire wa ku Joni amene ankamuyang'anira pa kafukufuku. Palibe anawalandira. Mphasa ndinakawayalira ndekha.

Amalume, omwe ankayendetsa mwambo, anandiitanira pambali n'kundiuza kuti alendowo asayankhule. Mkulu wa mpingo naye anati abusa atanganidwa, pakhala pemphero lokha. Mbiri ya malemuyo amalume anainena ngati akuthawa mvula: anabadwa, anaphunzira, wamwalira.

Amalume asanakhale pansi, bambo wa ku Zomba uja anaimirira. Anati nyenyezi zimakhala m'magulu aakulu otchedwa milalang'amba, ndipo ina mwa milalang'ambayo imalavula mphamvu zimene maso saona, zongogwidwa ndi makina onga mbale za kanema, oyalidwa m'chipululu. Anati milalang'amba nayo imakhala m'midzi, ndipo Tadala ankafufuza chifukwa chake ikamayenda pakati pa inzake mphamvu zija zimapindika, ngati utsi wokankhidwa ndi mphepo.

Kumbuyo wina anaseka. Wina anatsonya mokweza.

“Zakwana, bambo,” anatero amalume. “Pano si pasukulu.”

Amayi anga anali asanayankhule chibwerere bokosi. Anatuluka pakhomo atagwira chitseko, nsalu ikukwekwereza pansi.

“Achimwene, asiyeni amalize. Mwanayu ndinkachita manyazi kumufunsa ntchito yake. Ndikufuna ndiimve asanatuluke pakhomo pano.”

Amalume anatembenuka n'kukakhala kutali, pamodzi ndi akuluakulu ena. Bambo uja anamaliza. Sindinamve zonse, chifukwa ndinkayang'ana nkhope za anthu. Ena anali atanyamuka kale kukatenga njinga zawo.

Njira ya kumanda imadutsa pakati pa minda ya fodya, ndipo tsikulo inali matope okhaokha. Anyamata amene amalimbirana kunyamula bokosi pa maliro ena ankangoyenda m'mbali manja ali m'matumba. Onyamula atatopa panalibe wowalandira, mpaka bambo wa ku Zomba anavula jekete n'kugwira pakona. Mayi wa ku Joni anavula nsapato n'kumayenda pafupi ndi amayi anga. Nyimbo inayambitsidwa kawiri, kawiri konse n'kufera panjira. Adzukulu anakwirira mofulumira, pemphero linali lalifupi, ndipo anthu anabalalika ife tisanamalize kuika nkhata.

Madzulo pakhomo panali zii. Achibale amene amayenera kugona nafe anapeza zifukwa. Chakudya chinatsala m'mapoto, agalu akuzungulira. Amalume anabwera kudzatsanzika ataima pabwalo. Ndinapinda mphasa n'kusesa matope a m'nyumba, ndipo ine ndi amayi tinakhala awiriwiri osayatsa nyali.

Patapita nthawi amayi anandifunsa ngati zimene ananena bambo uja ndinazimvetsa. Ndinati pang'ono chabe.

“Pang'ono pomwepo undiuze,” anatero, n'kusendera pafupi.