Matayala Anayi M'chipinda Chathu

Fungo la labala watsopano limandibwezera ku Katawa, m'kanyumba kathu ka malata, dzinja lomwe ndinali mu Sitandade 4. Adada anabwera ndi matayala anayi n'kuwasanja pa matabwa m'chipinda chomwe ndinkagona ine ndi mng'ono wanga. Fungo lake linalowa m'mabulangete ndi mu yunifolomu, ngakhale mu tiyi ndinkalimva.

Adada anali ndi kapikapu kakale konyamula matabwa kuchokera ku Chikangawa. Zaka zonse ankayendera matayala ogula kwa anzawo, osalala ndi ozigamba. Koma chaka chimenecho anazungulira masitolo onse a m'tauni, ine ndili pambuyo ndi ambulera. Tayala lililonse ankaligubuduza, kulowetsa chala m'mizere yake, n'kulifinya m'mbali kuti aone ngati lili ndi ming'alu. Wogulitsa wina anawaonetsa lonyezimira bwino. "Yewo chomene," anathokoza adada, "koma ilo n'la pa tala. Ine ndikufuna la mano akuya, loluma matope."

Chodabwitsa n'chakuti sanawaike ku galimoto. Ankapitabe ku ntchito ndi akale aja. Atsopanowo anawafunditsa masaka, natiletsa kuika botolo la palafini pafupi, ati mafuta amadya labala. Akaweruka, asanasambe n'komwe, ankalowa kukawasisita ngati mwana wodwala.

M'nyumba munalibe mtendere masiku amenewo. Asibweni, mlongo wawo wa amama, omwe ankaphunzitsa ku Luwinga, anabwera kudzakhala nafe ndipo anasiya kupita ku sukulu. Tinauzidwa kuti akudwala malungo, koma sindinawaone akunjenjemera. Ankangoyendayenda m'khitchini makatani atatsekedwa. Galimoto ikaima pa msewu, amama ankasiya mawu pakati, mpeni wodulira mpiru uli m'mwamba, mpaka itanyamukanso. Mvula inkawaza osaleka, ndipo zovala sizinkauma pa chingwe.

Tsiku lina masana, nditatopa ndi kubindikira, ndinatulutsa tayala limodzi n'kuyamba kuligubuduza pabwalo. Ana a kwa aneba anathamangira kudzaona. Adada anatulukira pa ngodya n'kulilanda mwaukali. "Iwe, ukufuna Katawa yense adziwe?" Anali asanandikalipirepo chotere. Ndinakalira kuseri kwa bafa, ndili wotsimikiza kuti munthu ameneyu amakonda labala kuposa mwana wake.

Loweruka lotsatira kunagwa chimvula choti ngakhale nyumba ya aneba sinkaoneka. Adada anatulutsa jeke ndi sipanala, nasintha matayala onse mvula ikuwamenya pamsana. Lililonse analipopa, naliyeza mpweya ndi kachitsulo kawo, kenako n'kuphwetsa pang'ono kuti ligwire bwino m'matope. Amama anatiuza kuti adada ndi asibweni akupita ku maliro ku Mzimba. Ndili pa zenera, ndinaona asibweni akugona kumbuyo pakati pa matumba a chimanga, adada n'kuwafunditsa lona.

Amama sanakhale pansi masiku otsatirawo. Ankasesa malo osesasesa kale. Kenako kapikapu kanalowa pabwalo, matope ofiira mpaka m'zitseko, adada ali okha. Amama anaima pakhomo. "Waoloka," anatero adada, nakhala pa khonde osavula nsapato.

Patapita masiku ochepa kunabwera amuna ena ovala masuti kudzafunsa za mphunzitsi yemwe ati analankhula zosayenera m'kalasi. Amama anawapatsa mipando, anamwa tiyi, anapita.

Ine ndinasunga mkwiyo wanga kwa nthawi yaitali, ndipo sindinamvetse chifukwa chomwe munthu wodwala malungo anapita ku maliro atagona pa matumba. Ndinadzamvetsa nditakula, nditadutsa ndekha msewu wopita ku malire a Zambia nthawi ya mvula, ndikuona malole atatitimira m'mbali. Adada ankadziwa kuti pa ulendo umenewo sakanatha kuima n'kupempha aliyense kuti awakankhe.