Seva ya kukiliniki itasamuka osatsanzika

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa azakhali anga, amene amaimba kwaya ndi mkazi wa mwini kiliniki ina yaing'ono ku Highridge. Ndinali nditamaliza kosi ya makompyuta, ndikungotenthetsa mpando kwathu ku Katondo. Anandilemba kuti ndizigwira pansi pa a Tembo, amene ankayang'anira makompyuta a pamalopo.

A Tembo anali munthu wa selotepi. Pa makina aliwonse anamatapo kapepala kolembedwa adiresi yake ya pa netiweki. "Ukasokonezeka, belenga chabe pepa," ankatero. Ine ndinkadziwa kuti adiresi zotere rauta, kabokosi kolumikiza makina onse, imangobwereketsa kudzera mu njira yotchedwa DHCP, ndipo ikhoza kuzigawanso mwina tsiku lililonse. Koma wa mwezi umodzi pantchito angaphunzitse mdala? Ndinatseka pakamwa, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Seva, kompyuta yosunga zotsatira zonse za kulabu, inkakhala pansi pa shelefu m'kachipinda ka katundu, yopanda sikirini. Kapepala kake kankati 192.168.1.10, ndipo makompyuta a manesi ankaifunafuna pa nambala imeneyo.

Lachinayi lina a Tembo anapita kumaliro ku Katete, foni yawo osapezeka. Magetsi anazima m'mamawa mpaka mabatire athu anatheratu. Atabwera cha m'ma teni, makina onse anayaka nthawi imodzi. Pasanapite nthawi a Mulenga, nesi wamkulu, anandiitana.

"Iwe Misozi, system siitseguka. Ba doctor bafuna ma results ya bamayo aba manje manje."

Pabenchi panali mayi wachikulire, atafunda chitenje mpaka kumutu ngakhale kunja kunkatentha. Milomo yawo inali mbuu. Anawatenga magazi dzulo lake, ndipo adokotala sankafuna kuwapatsa mankhwala asanaone zimene labu inapeza. Pambali pawo panaima mwana wawo, bambo wamtali wovala ovolosi.

Ndinalemba ping, lamulo lofunsa makina ngati alipo, ndi nambala ya pa kapepala ija, ndipo yankho linabwera. Mtima unakhala pansi. Ndinauza a Mulenga kuti seva ili bwinobwino, vuto ndi pulogalamu yapakompyuta yawo, mayi aja adikire pang'ono. Ndinazimitsa, kuyatsa, kusintha chingwe, kuchotsa pulogalamu n'kuikanso. Pafupifupi ola lathunthu linapita choncho. Kiliniki yonse inali zii, moti kupuma kwa mayi aja kunkamveka mpaka pamene ndinakhala.

Bambo uja anabwera n'kuima kumbuyo kwanga. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Sister, muli nabo bamayo banu imwe?" anandifunsa motsitsa.

Posowa chochita, ndinalemba nambala ija mu bulawuza ya intaneti. Patsamba limene linatuluka panali chithunzi cha pulinta, ikundiuza kuti inki yatsala pang'ono. Nthawi yonseyi imene inkandiyankha inali pulinta ya pa risepushoni. Magetsi atabwera inayamba ndi iyo kudzuka, rauta n'kuipatsa adiresi imene seva inkakhalapo.

Ndinatembenuza rauta, n'kuwerenga pasiwedi yomatidwa pansi pake, n'kulowa patsamba losonyeza zipangizo zonse zimene yazipatsa adiresi. Zinali zoposa khumi, kuphatikizapo mafoni a manesi, zambiri za mayina osamveka. Dzina silikanandithandiza. Chimene sichisintha ndi nambala ya MAC, imene makina amabwera nayo kuchokera kufakitale. Ndinakwawira pansi pa shelefu ija ndi tochi ya foni, fumbi lili m'mphuno, n'kuilemba padzanja ndi bolopeni. Nditabwerera, ndinatsika ndi chala pamndandanda mpaka zinafanana. Seva inali pa 192.168.1.23.

Ndinasintha nambala mu pulogalamu, zotsatira n'kutseguka. Adokotala anawerenga ali chiimire.

"Magazi yachepa maningi. Itanani motoka, bayende ku chipatala chikulu."

Bambo uja ananyamula mayi ake m'manja ngati mwana, osandiyang'ananso.

Masana omwewo ndinauza rauta kuti adiresi ya seva izisungidwira nambala yake ya MAC basi, ntchito ya mphindi ziwiri imene ndikanatha kuigwira sabata yanga yoyamba. A Tembo atabwera anangoti, "Wenze wagwira nchito, mwana wanga." Palibe amene anandidzudzula.

Patapita masabata awiri bambo uja anabweranso kudzatenga mapepala a mayi ake. Anali atameta mpala, monga timachitira maliro akatha. Anandipatsa moni mwaulemu. Adokotala anandiuza pambuyo pake kuti matendawo anali atapita kale patali, ola limodzi silikanasintha kanthu. Mwina n'zoona. Koma ine ndi amene ndinanena kuti adikire pang'ono, ndisanadziwe n'komwe chimene ndinkalankhula nacho.

Masiku ano ndimayang'anira makompyuta ambiri kuposa aja. Makina akandiyankha, ndimayamba ndatsimikiza kuti akuyankhayo ndi ndani, ndisanauze munthu aliyense kuti akhale pabenchi.