Kachipewa pa nsonga ya nkhafi

Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndiye musayembekezere zambiri. Koma kuwerenga mpaka folotini ndimatha, ndipo chaka cha kolona chija boma silinandifunse nambala ina koma yomweyo.

Nkhani inayamba ndi mlamu wanga, mlongo wawo wa mayi akunyumba. Anakhala ku Joni zaka makumi atatu osalemba ngakhale kakalata, ndiye matenda atavuta kumeneko m'pamene anakumbukira kuti ali ndi kwawo. Anatsika sitima ndi sutikesi imodzi ndi chifuwa. Mayi akunyumba anamukumbatira, anamuphikira, anadya naye mbale imodzi. Ine ndinangomupatsa nsonga za zala, pakuti munthu wochokera ku Joni wopanda ngakhale chipewa cha mlamu wake sayenera dzanja lonse. Patapita masiku atatu achipatala anamupeza nako kachilomboko. Iyeyo anachira. Mpaka lero alipo, akudya.

Mlangizi wa zaumoyo anafika kwathu ku Mbungo, naima patali pansi pa mango ngati wabwera kudzafunsira.

"Agogo, inu ndi amayiwa masiku folotini osachoka pakhomo pano. Alendo ayi, kutchalitchi ayi."

"Nanga kuchimbudzi?" ndinatero ine.

Sanaseke. Kapena anaseka, kungoti pakamwa panali nsalu.

Tsiku lachiwiri lake foni inalira. Anali mwana wathu wotsiriza, msodzi amene anakamanga ku Yofu. Mkazi wake wachira, kwabadwa mwana wamkazi. Mudziwe kuti banja limeneli linakhala zaka zisanu ndi zitatu lopanda mwana. Mayi akunyumba anayenda naye mpongozi ameneyu kuchipatala, kumapemphero, ndi kwinanso tsidya la nyanja ku Kobwe kumene sitiwauza ansembe. Atamva anavina pabwalo fumbi koboo, kenaka anamanga duku, natenga beseni ndi sopo. Anafika mpaka pa mango paja, beseni lili pamutu, n'kuima. Anaima kanthawi ndithu. Kenaka anabwerera, naika beseni pamalo pake.

Tsono pabanja pathu pali kachitidwe kake. Mwana akatuluka m'chikuta, mchombo utagwa, wotcha dzina ndine. Koma khandalo sindilitenga ndekha kwa mayi ake, chifukwa mpongozi sandipatsira chinthu m'manja, ngakhale kapu ya madzi amaika pansi ine n'kutola. Zotalikirana mamita awiri zimene wailesi inkalalikira zija, ine ndi mpongozi wanga tinaziyamba kalekale, tsiku la ukwati. Ndiye wodutsitsa mwana anali mayi akunyumba. Ankamulandira, n'kumuvula kachipewa, n'kununkhiza paliwombo nthawi yaitali ali chitsinzinire. Kenaka ankagamula kuti, "Uyu ndi wathu," n'kundipatsira. Adzukulu khumi ndi mmodzi anadutsa pamphuno imeneyo. Ndinkawanena kuti amachita ngati akusankha nsomba yogona. Iwo ankangoti, "Inu tchani dzina basi, zinazi si zanu."

Powerengera masiku folotini aja, mayi akunyumba anatola nthanga za malambe, naziika m'kapu ya malata, nthanga imodzi tsiku limodzi. M'mawa uliwonse asanasukusule ankachotsamo imodzi n'kuiponya kunja. Tsiku lina ndinawagwira akuchotsa ziwiri.

"Inayo inali yofumbwa," anatero.

Ndinakaitola ndekha n'kuibwezeramo. Lero ndikaganiza, sindidziwa kuti ndinkalondera chiyani.

Sabata itatha mchombo unagwa. Mwana wathu uja anaimbanso. "Adada, kusikelo akufuna dzina pakadi. Tangotchulani pafoni pompano."

"Dzina pafoni? Amako asanamununkhize? Ukuyesa ukuitanitsa ndowa ya usipa?"

Ndiye khandalo linakhala lopanda dzina. Ankangoti mlendo. Mlendo wayamwa, mlendo wagona.

Kutatsala nthanga zinayi mayi akunyumba anatopa. "Tiyeni tikangomuona ndi maso. Sitikamugwira." Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinawaletsa. Sindinawaletse. Ndine amene ndinapereka nzeru yodzera kumtunda, m'miyala ndi m'minda ya chinangwa, kuti tisakumane ndi anthu. Tinamanga timasiki tathu tosoka ndi chitenje chakale, ulendo. Panjira anapuma katatu, munthu amene masiku onse ankandisiya m'mbuyo n'kumandinena kuti ndimayenda ngati ndabwereka miyendo. Ndinawaseka kuti ukalamba wawapeza tsopano.

Mwana wathu tinamupeza akusoka ukonde pabwalo. Atationa anadzuka ngati waona njoka, natola nkhafi imene inali yotsamira pakhoma.

"Imani pomwepo!"

Anaigoneka pansi pakati pa ife ndi khonde, naona kuti yachepa, naisuntha n'kuyezanso kachiwiri, kenaka analemba mzere ndi chidendene. Nkhafi imeneyo ndinamusemera ndine.

"Iwe," ndinatero, "ukutiyesa ng'ona?"

"Adada, musandivute. Zaka eyiti."

Tinaima pamzere pomwepo.

Mpongozi anatuluka, nagwada pakhonde, nafunyulula shawelo. Kuchokera pamzere paja ine ndinkangoona kankhope kofiira konga nkhonya. Mayi akunyumba anaima ndi zala zakuphazi. "Mutembenuzeni. Ayi, cha kuno. Mukwezeni pang'ono." Manja awo anayamba kunyamula okha mwana amene panalibe, mpaka anawabisa m'khwapa.

"Ndipatseniko kachipewa kake kokha," anatero.

Kanali kachikasu, ka ulusi. Anakaluka okha chaka choyamba cha ukwati wa anawa, ndipo kanadikira m'sutikesi ya mpongozi zaka zonsezo. Mwamuna anayang'ana mkazi wake, mkazi anamuvula mwanayo. Mwamunayo anakaika pa nsonga ya nkhafi, naitambasula kwa ife ngati akupatsa chakudya galu woluma.

"Musabweze, Amama. Kakhale komweko."

Mayi akunyumba anatsitsa masiki, nakaika kumphuno, natsinzina. Tonse tinadikira. Anakatembenuza kunja kukhala mkati, nanunkhizanso.

"Kodi mwanayu mukumusambitsa ndi chiyani? Alibe fungo."

Ndinawalanda. Fungo linalimo lodzaza, la mkaka, la utsi, la mafuta odzola, moti linadutsa ndi masiki omwe.

"Mphuno zanu zapuma pantchito," ndinatero. "Boma lizipatse penshoni."

Palibe anaseka. Mwana wathu anatsitsa nkhafi pang'onopang'ono.

"Amama, mwayamba liti zimenezi?"

"Ziti?"

"Chakudya chikumakukomerani?"

"Funsa atate akowa, ndiwo akudandaula kuti masiku ano ndikuchulutsa mchere."

Mwana wathu anauza mkazi wake kuti alowe m'nyumba ndi mwana. Chitseko chinatsekedwa. Zoti kusamva fungo ndi chizindikiro cha kolona wailesi inali itanenapo, nanenso ndinamva, koma ndinkayesa ndi za anthu a m'tauni.

Titafika kunyumba ndinayamba ntchito ya udokotala. Ndinawanunkhizitsa parafini, palibe. Usipa wovunda, palibe. Pomaliza ndinabweretsa nsapato yanga, imene kwa zaka zonse za ukwati wathu inkagona panja mwa lamulo lawo. Anailowetsa mphuno, nakoka mpweya, n'kuseka.

"Ambuye andikumbukira," anatero. "Ndapumula."

Patapita masiku awiri ankapuma ngati munthu wokwera phiri ali chikhalire pamphasa. Galimoto yachipatala inabwera. Ine anandiuza kuti nditsale. Ali pamachira anamangirira kachipewa kaja kunsonga ya chitenje, nandiyang'ana.

"Musatche ndisanabwere. Ndipo nkhuku muzitsekera."

Anakhalako masiku asanu. Anamwalira m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu tinali kale kumanda. Panalibe kugona pamaliro, panalibe kwaya, amayi a mpingo amene anaimba nawo zaka makumi anayi anaima kumsewu. Anawanyamula anyamata ovala mapulasitiki oyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Bokosi sanatsegule. Ansembe anawerenga ali patali, mphepo inatenga mawu onse kupita nawo kunyanja. Ine anandiimika pandekha, kutali koposa nkhafi khumi. Ndinafuula kwa mmodzi wa anyamatawo kufunsa za kachipewa kachikasu. Anati zonse zimene anali nazo zapita nawo limodzi.

Sindinalire. Ndinkayang'ana jombo za mnyamata ameneyo, ina inali yaikulu kuposa inzake, ndipo ndinkadabwa kuti akuyenda bwanji. Atatha kukwirira ndinabwerera kunyumba, ndinatsekera nkhuku, ngakhale kunali kusanade.

Nanenso anandiyeza, anandipeza nako kachilombo kaja. Ndinatsokomola masiku atatu basi. Kanandilawa n'kulavula. Anandipatsa folotini wina. Ameneyu sindinamuwerenge. M'kapu muja munali mutatsala nthanga ziwiri, sindinaonjezeremo, sindinachotsemo. Anthu ankaika chakudya pamwala wa kumapeto kwa bwalo, n'kuitana, n'kuchoka. Ndinkadya. Ndinkagona. Ena amati chisoni chimabaya ngati minga. Changa chinali ngati mwendo umene waukhalira tsiku lonse m'bwato, ukautsina sukumva kanthu, ungodziwa kuti ndi wako chifukwa walumikizana ndi thupi. Mwana wathu akaimba n'kuyamba za dzina, ndinkati foni sikumveka bwino.

Tsiku lina mlangizi uja anaimanso pansi pa mango. "Agogo, mwamasuka." Anadikira pang'ono, ndikhulupirira ankayembekeza kuti ndinenapo kachipongwe. Ndinalibe.

Ndinakhalabe masiku ena angapo popanda wondiletsa. Kenaka m'mawa wina ndinavala jekete, ndinapita ku Yofu, ulendo uno panjira ya anthu onse. Mlendo anali atapitirira mwezi. Ndinasamba m'manja pa ndowa ya mpopi imene anaika pakhomo, anandipatsa mpando. Nkhafi inali pakhoma. Mpongozi anakhala kumapeto kwa khonde, mwana ali pamiyendo. Tinapatsana moni, tinakamba za mvula, tinakamba za mwera. Nkhani zinatha. Tonse tinkadziwa chimene ndabwerera, koma pakati pa mpando wanga ndi khonde panalibe munthu.

Mwana wathu anadzuka kuti amutenge iyeyo. Mkazi wake anapukusa mutu. Anatsika pakhonde, nayenda chogwada pabwalo lonselo, mawondo m'dothi, mpaka anafika pamapazi panga. Anamuika mwanayo m'manja mwanga, dzanja lake linakhudza langa. Zaka zisanu ndi zitatu, tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa kuti mpongozi wanga ali ndi kachipsera pamwamba pa diso.

"Adada," anatero motsitsa mawu, "mununkhizeni."

Ndinamuvula kachipewa, kogula kusitolo, koyera. Ndinawerama. Fungo linali lomwe lija. Ndinadikira kuti mwina m'chifuwamu mugwedezeka kanthu. Sizinatero. Ndinkangomva kulemera kwake pamkono, ndi paliwombo pakugunda.

"Uyu ndi wathu," ndinatero, pakuti wina anayenera kunena.

Dzina ndinali nalo lokonza kale, loseketsa, lonena za kuchedwa kwake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilitchule, koma linatuluka lina, la mayi akunyumba, limene anabatizidwa nalo. Dzina limenelo ndinali ndisanalitchulepo chikwatirire. Tili pachibwenzi ndinkati achemwali, atabereka ndinkawaitanira pa mwana woyamba, titakalamba ndinkangoti inu. Linatuluka mokhota, ngati chitseko cha dzimbiri.

"Mwati bwanji, Adada?" anafunsa mwana wathu. Anali atamva bwinobwino.

Ndinabwereza. Anatembenuka, napita kuseri kwa nyumba kukaona ukonde umene unali pabwalo pomwepo, patsogolo pathu.

Mpongozi anakhala chigwadire, akuyang'ana pansi. Kenaka anati, "Nanga ine ndizimuitana bwanji? Dzina la apongozi anga lingatuluke pakamwa panga?"

Zimenezo sindinaziganizire. Ndinamuuza kuti ine ntchito yanga ndi kutcha basi, zinazi si zanga.

Ndiye mpaka lero mayi ake samutchula dzina. Mukadutsa ku Yofu n'kumva mayi akukuwa kuti, "Amama, tsikani mumtengomo, ndikukwapulani!" musadabwe, akunena kamtsikana kosavala nsapato. Atate ake nawonso amangoti Amama. Wolitchula dzinalo lonse, popanda kulizungulira, ndatsala ndine. Ndimapitako Loweruka, ndimakhala pampando womwe uja, ndimaitana. Amayankhira kuseri kwa nyumba, mokalipa, ngati ndamusokoneza pantchito.