Chaka Chimene Nandolo Anabereka

Pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Nchema panali gudumu la njinga yakufa, lokhomedwa ndi msomali waukulu. Analikhoma ndi abambo chifukwa cha mlongo wanga wamng'ono, mnyamata amene ankalizunguza kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, masipoko akulira pa kamtengo kamene ankagwira. Anali mwana wa nkhope yaitali ndi makutu otambasuka. Sankayang'ana munthu m'maso. Akakondwa ankakupiza manja, ndipo belu la tchalitchi likalira ankadziluma kuseri kwa dzanja kufikira magazi.

Chaka chimenecho nandolo anabereka modabwitsa m'munda mwathu, pamene minda yoyandikana nawo inali mitengo yokhayokha. Ndimakumbukabe kuthetheka kwa makoko padzuwa ndi fumbi loyabwa pakhosi tikamapuntha. Abambo anali mkamwini wochokera ku Kadewere, munthu wolimbika khasu, wa mawu ochepa. Mudziwo unali wa amayi, ndipo mwini mbumba anali atsibweni, mlongo wawo wa amayi.

Manong'onong'o anayambira kuchitsime. Ankati mkamwini wakhwimira mwana wake, wamuchotsa nzeru n'kuziika m'nthaka kuti munda uzibereka, ndipo gudumu lija ndicho chizimba chake. Aphunzitsi anga a ku Nguludi anayenda wapansi Lamulungu lina kudzaletsa zimenezi. "Mwanayu anabadwa chomwechi," anatero, "musamusenzetse munthu mlandu." Atsibweni anawayalira mphasa nawayankha mofatsa: "Aphunzitsi, inu kaphunzitseni ana kuwerenga. Kwathu kuno sikunabadwepo wotere. Zimenezi ndi zobwera."

Nandolo asanathe kupuntha, mlandu unagamulidwa. "Alamu, khasu lanu ilo, njira mukuidziwa," anatero atsibweni. Akulu anati mlendo ndi mame, ine sindinkadziwa kuti mkamwini nayenso ndi mame, ngakhale atabereka ndi kumanga nkhokwe. Abambo sanatsutse. Anapinda bulangeti lawo, nauza amayi mawu awa okha: "Akadziluma musamumenye. Muzingomugwira dzanja." Ana ndi a kuchikazi, choncho sanatenge aliyense wa ife. Anakamwalira ku esiteti ya tiyi ku Thyolo tisanaonanenso.

Ndakalamba tsopano, ndipo chilonda chimenechi ndinkayesa chinapola. Koma chaka chatha ndinaperekeza mdzukulu wanga wamwamuna, mwana wa mwana wanga wamkazi, ku chipatala ku Blantyre. Kumeneko anati ali ndi otizimu, vuto limene limamulepheretsa mwana kulankhula ndi kucheza monga anzake. Adokotala atayang'anitsitsa nkhope yake anapempha kuti magazi akapimidwe kutali. Zotsatira zitabwera anafotokoza kuti pansi pa otizimuyo pali matenda ena osowa, achibadwa, amene mwana wamwamuna amatengera kwa amayi ake, ngakhale amayiwo akuoneka bwinobwino.

"Agogo, kuchikazi kwanu analipo wina wotere?" anandifunsa adokotala.

"Analipo, mwanangu," ndinayankha.

Munthu amene anapirikitsidwa uja analibe nawo mbali m'magazi amenewo. Anali athu, a mbumba imene inakhala pamphasa kumuweruza. Atsibweni anapita, amayi anapita, ndipo palibe wotsala woti akapepese, kapena woti akapepesedwe.

Madzulo a tsiku limene abambo anachoka, amayi anakhala pakhonde akutsuka dzanja la mlongo wanga ndi madzi a mchere. Anayang'ana kunjira, nayang'ananso ku nyumba ya atsibweni, kenaka ananena chapansipansi: "Wangofanana ndi atsibweni anga aja ankawatsekera m'nyumba alendo akabwera." Ine ndinaseka, poganiza kuti akumuyamikira monga achitira akulu akaona mwana wofanana ndi makolo. Chimene chinandisokoneza n'chakuti mawu okoma chotero anawanena monong'ona.